Mbeu Zophimba Nthaka: Phunziro Limene Dziko Lathu Laphunzira Katatu

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife tiphunzitsa mbiri m'kalasi ndi zaulimi m'munda wa sukulu, ndipo maphunziro awiriwa tiwaona monga alendo osadziwana. Mbiri tiiyesa ya mafumu, nkhondo ndi maboma. Ulimi tiuyesa wa khasu ndi thukuta basi. Koma nthaka nayonso iri ndi mbiri yace, ndipo mphunzitsi wosaidziwa adzaphunzitsa ana zinthu zimene zinayesedwa kale nizikanika, osadziwa cimene zinakanikira. M'nkhani ino tilondola mbiri ya cinthu cimodzi, ndico mbeu zimene zibzalidwa kuti ziphimbe nthaka ndi kuidyetsa, monga kalongonda, nandolo, khobwe ndi zina za mtundu wa nyemba. Tidzaona kuti nzeru imeneyi yafika m'dziko muno katatu, ndi kuti kawiri konse inatayika. Siinatayike cifukwa ca kunama ai, koma cifukwa ca kusowa kwa malo, ndi cifukwa ca m'mene inaperekedwera kwa anthu.

Tiyambire ku Livingstone, pakuti kumeneko nkhaniyi ioneka ndi maso. Munthu wokhala ku Highlands, kapena m'dera lina la kumtunda kwa mzindawo, akatenga khasu kuti alime kamunda kuseri kwa nyumba, apeza mcenga wozama umene akatswiri aucha mcenga wa Kalahari. Mvula ya kumeneko ndi yocepa, pafupifupi mamilimita 700 pa caka, ndipo dzuwa la mwezi wa October liocha nthaka yosaphimbika kufikira mwana sangathe kupondapo ndi phazi. Mcenga wotere susunga madzi, susunganso cakudya ca mbeu; uli monga dengu limene munthu atungira madzi. Kunsi kwa mzinda kuli mtsinje wa Maramba, umene uthira m'Zambezi kumtunda pang'ono kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Cimene munda walephera kusunga, mtsinje ndi citsime zilandira. Cifukwa cace nkhani ya conde ndi nkhani ya madzi abwino ndiyo nkhani imodzi.

Nthawi yoyamba: munda wa makolo

Azungu asanabwere, Atoka ndi Aleya a m'maiko a Mukuni, Musokotwane ndi Sekute, Atonga a kumtunda, ndiponso Acewa, Ansenga ndi Angoni a kum'mawa, sanali kulima mbeu imodzi payokha. M'munda umodzi munali mapira kapena cimanga, ndipo pakati pace panali khobwe, nzama, maungu ndi mavwende. Pofika mwezi wa January nthaka siinali kuonekanso, popeza masamba anaiyala monga mphasa. Udzu wopalira sanautaye kutali. M'madera ambiri anaukwirira m'mitumbira kuti uolere momwemo. Amambwe a kumpoto, kufupi ndi Mbala, anali ndi malimidwe ochedwa fundikila, ndiko kukwirira udzu wauwisi m'mitumbira yaikuru cakumapeto kwa mvula, ndi kuisalaza caka cotsatira pofesa mawere. Atonga sanali kudula mtengo wa msangu m'minda mwao, cifukwa anaona kuti mbeu za pansi pace zinenepa. Ndipo munda ukatopa anausiya tsala, nakatema mphanje kwina, chire ndi kuubwezera conde pang'onopang'ono.

Makolowo sanadziwe dzina la naitirojeni, koma anaidziwa nthaka. Umboni wace anaupereka Colin Trapnell, katswiri wa zomera amene Boma la Northern Rhodesia linamtuma kuyendera dziko lonse m'zaka za m'ma 1930. Iye anayenda maulendo atali ndi miyendo, nafunsa alimi a m'midzi za minda yao. Lipoti lace loyamba, limene analemba pamodzi ndi J. N. Clothier, linaturuka mu 1937, ndipo la cigawo ca kumpoto ndi kum'mawa linaturuka mu 1943. Anapeza kuti anthu anasankha malo olima poyang'ana mitengo ndi udzu womera pamenepo, ndi kuti anadziwa zaka zimene nthaka ya mtundu uliwonse ingalimidwe ndi zaka zimene iyenera kugona.

Tisanamizane kuti masiku amenewo kunalibe njala. Cirala ndi dzombe zinasautsa makolo athu kawirikawiri. Ndiponso malimidwe ao anaima pa mzati umodzi, ndiwo malo ambiri. Munda wolimidwa zaka zinai unafuna kugona zaka khumi kapena makumi awiri, makamaka pa mcenga. Tsiku limene malo anacepa, mzatiwo unagwa.

Njanji, pulawo ndi malire

Mlatho wa pa mathithi unatha mu 1905, caka cimene mzinda wa Livingstone unakhazikitsidwa, ndipo mu 1906 njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe. M'caka comweco ca 1905 Bambo Joseph Moreau anatsegula mishoni ya Chikuni, ndipo akumbukika kufikira lero monga munthu amene anaphunzitsa Atonga kumanga ng'ombe m'goli ndi kulima ndi pulawo. Mphatso imeneyi inali yaikuru, pakuti banja limene linali kulima kamunda ndi khasu linayamba kulima maekala ambiri ndi kugulitsa zotsala. Migodi ya mkuwa itatsegulidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, cimanga cinapeza msika waukuru, ndipo Atonga analima mwa cangu.

Koma walira mvula walira matope. Pulawo afuna munda wopanda zitsa, motero mitengo inazulidwa ndi mizu yomwe, osaphukanso. Pulawo afuna mizere yoongoka, motero maungu ndi khobwe zinayamba kucotsedwa pakati pa cimanga. Ndipo pa nthawi yomweyo malo anacepa. Nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji inapatsidwa kwa alimi acizungu, ndipo mu 1928 ndi 1929 Boma linadula malire a malo osungira anthu akuda, niliwasamutsira kumeneko pamodzi ndi ng'ombe zao. Kum'mawa zinacitika zomwezo: kampani ya North Charterland inagwira dziko lalikuru, Angoni ndi Acewa a m'dera la Fort Jameson, kumene ndi ku Chipata lero, napanikizana m'malo ocepa, kufikira Boma linagula dzikolo mu 1941 kuti lisamutsireko ena. Anthu oculuka pa malo ocepa sangathe kugoneka munda. Cimanga cinatsata cimanga caka ndi caka, nthaka inayera, kaufiti anaculuka, zigwembe zinang'amba minda ndi mabusa.

Mu 1945 anthu anai, William Allan, Max Gluckman, D. U. Peters ndi Trapnell uja, anayendera boma la Mazabuka kuti aone za malo ndi malimidwe a Atonga. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1948 ndi Rhodes-Livingstone Institute, imene masiku amenewo inali mu Livingstone momwemo. Allan ndiye anachuka ndi funso lakuti, kodi nthaka ya mtundu wakutiwakuti ingasunge anthu angati osaonongeka? Iye anaona kuti m'malo ambiri osungira anthu akuda ciwerengero cinapitirira muyeso. Ici tiyenera kucisunga m'mutu, cifukwa pambuyo pace mlandu wonse wa kuguga kwa nthaka unaikidwa pa umbuli wa mlimi wa m'mudzi, pamene gwero lina la bvutolo linali malire amene iye sanadule.

Cinsinsi ca m'mizu

Tisanapitirire, tiyenera kufotokoza cimene mbeu za mtundu wa nyemba zicita. Cakudya cimene cimanga cifuna koposa zonse ndico naitirojeni. Cikacisowa, masamba ace asanduka acikasu kuyambira kunsi. Codabwitsa ncakuti pa magawo 100 a mpweya umene tipuma, magawo 78 ndi naitirojeni, koma cimanga sicingathe kuitenga kumeneko. Mu 1886 akatswiri awiri a ku Germany, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, anatsimikiza kuti nyemba ndi abale ace zitha kuitenga mwa tinthu totupa timene tiri pa mizu yao, ndipo mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Holland anapatula tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikhala m'timatuza timeneti ndi kugwira nchitoyo. Masamba ndi mizu ya mbeuzo zikaola, naitirojeni ija itsala m'nthaka.

Mbeu yophimba icitanso zina. Masamba ace alandira madontho a mvula kuti asamenye nthaka ndi kuiumitsa pamwamba. Mthunzi wace uziziritsa pansi ndi kupha udzu. Mizu yace iboola njira za madzi, nitolanso cakudya cimene cikadatsika kunsi ndi mvula. Ndipo zinyalala zace zikaola zisanduka kanthu kakuda kamene kagwira madzi ndi cakudya monga thonje. Pa mcenga wonga wa ku Livingstone, kanthu kakuda kameneka ndiko nkhokwe yokha imene nthaka iri nayo.

Nthawi yaciwiri: phunziro lodza ndi lamulo

Alimi acizungu a m'maiko awiri a Rhodesia anagwiritsa nchito nzeru imeneyi kwa zaka zambiri. Anali kufesa mbeu yochedwa sunnhemp, mbale wace wa zumba, kapena kalongonda, ndipo ikayamba maluwa anaikwirira ndi pulawo kuti iole. Caka cotsatira anabzalapo cimanga. Amenewa ndiwo manyowa obiriwira. Akuru a zaulimi anafuna kuti anthu akuda acite cimodzimodzi. Ku Kanchomba, kufupi ndi Pemba, kunakhazikitsidwa malo osonyezerapo kasinthasintha wa mbeu ndi kuthira ndowe za m'khola. Aphunzitsi nao analowetsedwa m'nchitoyi: sukulu ya Jeanes, imene inayambira ku Mazabuka niisamukira ku Chalimbana mu 1939, inaphunzitsa aphunzitsi oyendera midzi za minda, manyowa ndi ukhondo, monga inacitiranso sukulu ya Jeanes ya ku Domasi m'dziko la Nyasaland.

M'nyengo ya 1946/47 Boma linayambitsa dongosolo la alimi otsogola m'cigawo ca kumwera. Mlimi wobvomera kusinthanitsa mbeu, kuthira ndowe kapena kukwirira manyowa obiriwira, ndi kukonza milambala yochinga madzi, analandira ndalama ya mphotho. Nzeru yace inali yoona, ndipo minda ya otsata malangizowo inabereka. Koma olowamo anali ocepa ndithu poyerekeza ndi alimi onse, ndipo zifukwa zace ziyenera kudziwika kwa mphunzitsi aliyense.

Coyamba, munda wa manyowa obiriwira ulimidwa ndi kufesedwa, koma subweretsa kanthu m'nkhokwe caka cimeneco. Mwini maekala mazana angathe kupirira. Mai wa ana asanu wokhala ndi maekala atatu sangathe. Caciwiri, kukwirira mbeu yaitali kufuna ng'ombe zamphamvu ndi pulawo wabwino, ndipo kututa ndowe kufuna ngolo, zinthu zimene osauka analibe. Cacitatu, ndalama ya mphotho inacokera m'thumba limene linadzazidwa ndi ndalama zodulidwa pa mtengo wa cimanga ca alimi akuda onse, kotero kuti ambiri analipira ndipo ocepa analandira. Anthu sanaiwalenso kuti kuyambira 1936 bungwe loyang'anira malonda a cimanga linagawa msika wa m'dziko mwa tsankho, magawo atatu kwa Azungu ndi gawo limodzi kwa anthu akuda. Cacinai, ndico cacikuru, zambiri za kusamala nthaka zinafika ndi cikakamizo, kucokera kwa Boma lomwelo limene linacepetsa malo.

Ku Nyasaland cikakamizo cinafika poipa koposa. Lamulo la 1946 linapatsa mphamvu akuru a zaulimi, ndipo pambuyo pa njala ya 1949 linalimbitsidwa. Munthu wosalima mizere kapena wosakumba milambala analipitsidwa, ena anamangidwa, ena anazuliridwa mbeu zao. Liu lakuti malimidwe linasanduka dzina la cinthu codedwa. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inacotsedwa pa mpando itauza anthu ace kuti asamvere malamulo a malimidwe, monga njira yokanira citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo m'caka comweco kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi m'maboma ena a kumwera. Bungwe la Devlin, limene linafufuza za mabvuto a 1959, linachula malamulo a zaulimi monga cimodzi ca zinthu zimene zinadanitsa anthu ndi Boma. Motero ufulu utafika mu 1964, ambiri m'maiko onse awiri anataya cikakamizo pamodzi ndi nzeru imene inali m'kati mwace.

Thumba la fetereza

Cinthu cina cinali kudza cimene cinagonjetsa manyowa obiriwira ngakhale m'mapulazi a Azungu. Mu 1909 Fritz Haber anapeza njira yotengera naitirojeni mu mpweya ndi makina, ndipo mu 1913 Carl Bosch anatsegula fakitale yoyamba ya nchito imeneyi ku Germany. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, fetereza anaculuka nachipa. Mlimi anawerenga naona kuti palibe cifukwa cogonekera munda caka cathunthu pamene thumba lingathe kucita nchitoyo tsiku limodzi. Kusinthaku kuoneka bwino m'nchito ya munthu mmodzi, Alan Rattray wa ku Southern Rhodesia. Mu 1952 iye ndi B. S. Ellis analemba za cimanga ndi manyowa obiriwira. Mu 1960 yemweyo anali mmodzi wa oturutsa mbeu ya cimanga ya SR52, imene inabereka modabwitsa ikapatsidwa fetereza wokwanira.

Boma la Zambia linafuna kuti mwai umenewu ufike kwa alimi onse, ndipo linacita bwino kufuna cotero. Mu 1969 linakhazikitsa bungwe la NAMBOARD logula mbeu ndi kugawa fetereza. Mu 1970 fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito ku Kafue. Ndipo mtengo wa fetereza unatsitsidwa ndi ndalama za Boma. Ca m'ma 1980 kunadza dongosolo la Lima, lophunzitsa mlimi kuyesa gawo limodzi la magawo anai a hekitala ndi kuthirapo muyeso woyenera. Zokolola zinakwera, ana ambiri anapita kusukulu ndi ndalama za cimanga, ndipo ici sitiyenera kucikana.

Koma thumba lidyetsa mbeu, silidyetsa nthaka. Cimanga cinafalikira ngakhale kumene mapira anali kucita bwino, ndipo nyemba zinakankhidwira m'mphepete mwa munda. Mapesi anaochedwa kapena kudyedwa ndi ziweto, nthaka niikhala yamarisece cirimwe conse. Fetereza wa naitirojeni wothiridwa zaka zambiri popanda laimu awawasitsa nthaka, ndipo pulawo woyenda pa muyeso umodzi caka ndi caka aumba cikhakha colimba kunsi cimene mizu siingaboole. Alimi anayamba kudandaula kuti munda wazolowera fetereza, ndiko kunena kuti popanda thumba subereka kanthu, ndipo ndi thumba lomwe ubereka mocepa kusiyana ndi kale.

Tsono zinthu zinagwa pamodzi. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo pambuyo pa 1991 Boma linacotsa cithandizo ca pa mtengo wa fetereza. Cirala ca 1991/92 cinapsereza cigawo ca kumwera. Nthenda ya nkhupakupa imene Atonga aicha denkete inapha ng'ombe zosawerengeka, kotero kuti mabanja ambiri anatsala opanda pulawo ndi opanda ndowe. Mlimi anatsala ndi khasu, nthaka yoguga, ndi thumba limene sakanatha kugula.

Madzi acitira umboni

Pa fetereza yense wa naitirojeni wothiridwa m'munda, mbeu kawirikawiri idya theka kapena kucepera. Wina auluka monga mpweya, makamaka ureya womwazidwa pamwamba pa nthaka yotentha. Wina asungunuka natsika ndi mvula, ndipo pa mcenga atsika msanga. Cakudya cimeneci cikafika m'madzi cidyetsa ndere ndi zomera za m'madzi, ndipo zimenezi zikafa ndi kuola zimaliza mpweya umene nsomba zipuma.

Dziko lathu linaona cizindikiro coyamba pa nyanja ya Kariba. Damu litatsekedwa cakumapeto kwa 1958, madzi anamiza nkhalango ndi minda ya Atonga a ku Gwembe, nasungunula conde conse cimene cinali m'menemo. Udzu woyandama wochedwa Salvinia unaculuka kufikira mu 1962 unaphimba pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a nyanjayo, ndipo conde cija citacepa udzuwo unacepanso. Apa fetereza analibe mlandu, koma phunziro linali loonekeratu, lakuti madzi onenepa amera udzu. M'zaka za m'ma 1990 namasupuni anatseka mbali zazikuru za mtsinje wa Kafue kuyambira ku Mazabuka kutsikira ku Kafue Gorge, nasautsa asodzi, milatho ndi makina a magetsi. Ofufuza anachula madzi ocokera m'minda yaikuru, m'mafakitale ndi m'zimbudzi za m'matauni monga cakudya ca udzuwo. Ndipo mtsinje umenewu ndiwo umwetsa anthu ambiri a mu Lusaka. Maramba nayenso wabvutika ndi namasupuni, ngakhale kumeneko gwero lalikuru ndi madzi oipa a mumzinda.

Maiko olemera anafika pa bvutoli ife tisanafike. Fetereza wa m'minda ya cimanga ya ku America atsika ndi mtsinje wa Mississippi, napanga dera lalikuru m'nyanja ya Gulf of Mexico limene caka ndi caka lisowa mpweya wa nsomba. Maiko a ku Ulaya anapanga lamulo mu 1991 loika malire pa naitirojeni wothiridwa m'minda, ndipo imodzi ya njira zimene alimi ao atsata ndiyo kubzala mbeu zophimba atakolola. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linena kuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a naitireti pa lita, cifukwa wopitirira aika makanda pa ngozi.

Komabe tisatengere mankhwala a nthenda ya mnzathu. Pa msonkhano wa ku Abuja mu 2006 kunanenedwa kuti alimi a mu Africa anali kuthira pafupifupi makilogalamu 8 okha a cakudya ca mbeu pa hekitala, ndipo atsogoleri anapangana kuti afike pa 50. Alimi ambiri a m'midzi mwathu sathira wopitirira. Athira wocepa, pa nthaka yosatha kuusunga, ndi pa nthawi yolakwika. Kwa mwini munda waukuru, kucepetsa naitirojeni ndiko kuleka kutaya. Kwa mlimi wamng'ono, ndiko kukonza nthaka kuti thumba limodzi ligwire nchito ya matumba awiri.

Nthawi yacitatu: phunziro lodza ndi cosowa

Nzeru ija inabweranso pamene thumba linasowa. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a bungwe la ICRAF, motsogozedwa ndi Freddie Kwesiga, anayamba kuyesa pa Msekera, kufupi ndi Chipata, kugoneka munda zaka ziwiri ndi timitengo tokula msanga monga jerejere ndi ombwe. Cimanga cobzalidwa pambuyo pace cinabereka koposa kawiri cimanga ca m'munda wosathiridwa kanthu, ndipo mlimi anapezanso nkhuni. Pa Kasisi, kufupi ndi Lusaka, sukulu ya zaulimi ya Ajezuiti imene inatsegulidwa mu 1974 inatembenukira ku manyowa ndi mbeu zophimba ca m'ma 1990. Mu 1996 kunakhazikitsidwa Conservation Farming Unit, yophunzitsa kukumba maenje obzalamo m'cirimwe, kusiya mapesi pa munda, kusinthanitsa cimanga ndi nyemba, ndi kubzala misangu 100 pa hekitala. Msangu uli ndi khalidwe lacilendo, pakuti uyoyola masamba mvula ikayamba ndi kuphuka m'cirimwe, kotero suchinga dzuwa la cimanga. Mtengo umene Atonga akale anausiya m'munda unabwera tsopano m'mabuku a alangizi.

Phunziro lakuya koposa linacokera ku Ekwendeni, kumpoto kwa Malawi. M'caka ca 2000 anchito a pa cipatala ca mishoni ca kumeneko, poona ana operewera zakudya, anayamba kugwira nchito ndi alimi kuti ayese mbeu zokonza nthaka. Alimi anapatsidwa ufulu wosankha, ndipo ambiri, makamaka amai, anasankha kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Mtedza ukhwima msanga nukololedwa. Nandolo akula pang'onopang'ono, nayoyola masamba ambiri, mizu yace niitsika kutali. Munda upuma ku cimanga, koma mphika sugona. Mu 2010 Sieglinde Snapp ndi anzace anaonetsa, ndi zoyesa za m'minda ya alimi a ku Malawi, kuti kusinthanitsa cimanga ndi mbeu zonga nandolo ndi kalongonda kunapatsa zokolola zolingana ndi za cimanga cokhacokha, ngakhale fetereza anali theka lokha, ndiponso zokololazo sizinali kusinthasintha kwambiri caka ndi caka.

Nkhondoyi siinathe. Alimi ambiri amene anayamba maenje ndi timitengo anazisiya pamene alangizi a mabungwe anacoka, ndipo Boma la Zambia litabwezera cithandizo ca fetereza mu 2002, maso a ambiri anabwerera ku thumba. Moto wa osaka mbewa ndi ziweto zomasulidwa m'cirimwe zimaliza mapesi amene mlimi anasunga. Koma mbiri yonseyi isonyeza cinthu cimodzi mosabisa: mbeu yophimba ikhazikika pamene idyetsa banja pamodzi ndi nthaka, ndi pamene mlimi waisankha yekha ataona ndi maso ace.

Gawo la mphunzitsi

Ife aphunzitsi tinatumidwapo kale kunyamula phunziroli, ndipo m'masukulu ambiri munda unasanduka malo a cilango, ana nakula akudana ndi khasu. Tisabwereze zimenezo. Munda wa sukulu ukhale malo oonerapo, ndipo zotsatirazi sizifuna ndalama.

Zulani mtedza kapena khobwe wamaluwa, tsukani mizu, ndipo ana adule timatuza tija ndi lumo. Tofiira m'kati ndito tiri pa nchito. Pa malo otsetsereka konzani timinda tiwiri, kena kophimbidwa ndi zinyalala, kena koyera. Thirani madzi ofanana ndi keni, ndi kutunga otsika m'mabotolo awiri, ana aone okha botolo la matope. Dulani munda patatu: cimanga cokha ndi fetereza wokwanira, cimanga cotsata nandolo ndi mtedza ndi theka la fetereza, ndi cimanga cotsata nandolo ndi mtedza popanda fetereza. Yesani zokolola ndi kuzilemba m'buku zaka zitatu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pa masamu, apatseni ici: ureya ali ndi magawo 46 a naitirojeni pa 100, motero thumba la makilogalamu 50 liri ndi makilogalamu 23, munda wabwino wa kalongonda ungasonkhanitse makilogalamu 100 pa hekitala, kodi amenewo ndi matumba angati? Koma muwauzenso kuti si yonse imene ifika ku cimanga caka coyamba, ndi kuti nyemba sizipanga fosifeti, cifukwa cace fetereza wobzalira ali nayo nchito yace.

Phunzitsani kuthira fetereza wokulitsa mogawa kawiri pa nthaka ya mcenga, kumkwirira, ndi kusamthira kufupi ndi citsime kapena m'mphepete mwa mtsinje. Cenjezani ana kuti kalongonda aledzeretsa ndi kudwalitsa akapanda kuphikidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, ndi kuti masamba a ombwe apha nsomba, kotero asaponyedwe m'madzi. Za moto ndi ziweto, pitani mwaulemu kwa anyakwawa ndi makolo, cifukwa mutu umodzi susenza denga. Ndipo pa phunziro la mbiri, tumani ana kwa agogo ao akafunse kuti munda wa banja unatemedwa liti, munali kumera mitengo yanji, ndi mbeu zanji zimene zinasiyidwa.

Mwana amene aphunzira zimenezi sadzanyoza thumba la fetereza, sadzalipembedzanso. Adzadziwa kuti nthaka imene alima inadyetsa anthu iye asanabadwe, ndi kuti madzi ocoka m'munda mwace adzamwedwa ndi wina kunsi kwa mtsinje. Mau a akuru akoma akagonera. Ano agonera zaka zokwanira, ndipo ndi ife tiyenera kuwafikitsa kwa ana.